Dyeratu Wabwera Kudzafunsira Mbeta Kwathu

Loweruka lapitali ndinavala jekete yanga ya ku Misa, ndinapukuta nsapato, n'kupita kukagwira ntchito imene mwamuna aliyense amene mlongo wake anabereka ana aakazi amadziwa kuti tsiku lina idzamupeza: unkhoswe.

Mlongo wanga wamkulu, Anastazia, amalima kuseri kwa Chalimbana pamodzi ndi amuna ake, alamu anga a Pio. Mwana wawo woyamba, Velonika, amagwira ntchito yotaipa mu ofesi ina ku Lusaka. Mwezi watha anatumiza mawu kuti pali munthu amene akufuna kudzaonekera pakhomo. Tinafunsa zimene makolo amafunsa. Dzina? Fabiano Tembo. Kwawo? Ku Katete, ngakhale anakulira m'komboni ya m'tauni. Mpingo? Wathu womwewu. Ntchito? Amagulitsa nsapato m'sitolo. Mowa? Sakhudza n'komwe.

Anastazia anakweza manja kumwamba, akuti mapemphero ake afika.

Pali chimodzi chokha chimene Velonika anaiwala kutchula. Ndikuti "anaiwala" chifukwa ndine malume wake, ndiyenera kumuikira kumbuyo.

Ndinapita kukawachingamira pa siteshoni ya Chongwe. Basi itaima, anatsika Velonika. Kenako anatsika mkulu wina wa chipewa, malume wake wa mnyamatayo. Pomalizira anatsika mwini nkhani: wamtali, woonda ngati mpini wa khasu, suti yakuda yosita bwino, maso pansi. Nkhope yake ndinaona kuti ndikuidziwa. Ine ndine mphunzitsi, ndiye munthu aliyense wa nkhope yodziwika ndimayamba ndamuganizira kuti anathawa mayeso anga.

Ndisanamalize kuganiza, mayi wina wogulitsa nthochi anaimirira, nthochi zili m'manja, n'kukuwa:

"Mayo ine! Dyeratu!"

Inu amene mumakhala kumene zithunzi za ku Lusaka sizifika, ndikufotokozereni. Lachinayi lililonse, nkhani za madzulo zikangotha, pa tivi pamabwera sewero lotchedwa Nyumba ya Dyeratu. Dyeratu ndi mwamuna wa Amake Tisa. Akalandira malipiro amasowa, amabwera ndalama zitatha, akudzandira, mimba patsogolo, malaya kunja. Amadya ndiwo za ana. Amatsinzinira atsikana a m'basi. Mkazi wake akamufunsa ngati adya, amayankha mawu amene tsopano ana a m'kalasi mwanga amayankhana pa nthawi yopuma: "Nadya kale, koma bweretsa."

Mnyamata woonda amene anatsika m'basiyo analibe mimba, analibe ndevu. Koma maso ndi mphuno sabisa. Anali iyeyo.

Ndinayang'ana Velonika. Velonika anayang'ana mitambo.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "ninali kufuna kukuuzani pa njira."

"Njira yake ni ino," ndinatero ine. "Yamba."

Sanayambe, chifukwa sitinali tokha. Pofika pa chigayo tinali ndi anthu kumbuyo ngati tikuperekeza maliro a munthu wotchuka. Anyamata a njinga anatsika n'kumazikankha. Bambo wina anasiya ng'ombe zake pa ngolo. Amuna ankati, "Ba Dyeratu, yendaniko pang'ono monga muja muyendera!" Amayi sankaseka. Mmodzi anamuyandikira Velonika n'kumunong'oneza, mokweza kuti tonse timve: "Mwanawe, amuna anatha ku Lusaka?"

Kuti mumvetse chimene chinkatidikira kutsogolo, muyenera kudziwa za tivi ya a Sakala.

Dera lathu lonse lili ndi tivi imodzi imene munthu wamba angaione, ndipo ili kwa a Sakala a golosale. Ndi yakuda ndi yoyera, ili ndi zitseko ziwiri zamatabwa ngati kabati ya m'sakalisitiya, ndipo masana amaifunditsa nsalu yoluka. Magetsi kulibe. Imadya batire ya galimoto, imene imakakwera thirakitala ya ku mishoni kuti ikhute. Mlongoti wake ndi nsungwi yaitali yomangirira ku mtengo wa mango. Mphepo ikaomba, nkhope za anthu zimasanduka mpunga, ndipo a Sakala, ndi ukulu wawo wonse, amatuluka kukazungulitsa nsungwi, ife m'kati tikukuwa: "Pang'ono! Bwererani! Apo! Mwapitirira!"

Lachinayi a Sakala amaika tivi pa khonde. Aliyense amabwera ndi kampando kake. Ndipo mpando wa kutsogolo, pakati penipeni, palibe amene amaukhudza, chifukwa ndi wa Anastazia. Mlongo wanga ndi wapampando wa gulu la amayi ku tchalitchi, munthu woti akatsokomola kwaya imayambiranso nyimbo. Sewero limeneli sanaphonyepo. Amafika ndi korona m'manja, ndipo amalankhula ndi Amake Tisa ngati mnzake wa pa chitsime. "Osamutsegulira!" "Bisa ndalama mu chitenje, iwe!" Tsiku lina Dyeratu atakankha mkaziyo, Anastazia anaponya patapata. A Sakala anaimitsa sewero n'kulengeza kuti kuyambira tsiku limenelo, okhala kutsogolo azivula nsapato n'kuzisiya pa sitepe.

Ameneyo ndiye mpongozi amene Fabiano Tembo ankapita kukamugwadira.

Tinapeza pakhomo posesedwa, mipando yobwereka itayalidwa pansi pa mtengo, nkhuku itaphedwa kale. Alamu anga a Pio anatuluka kudzalandira alendo. A Pio ndi munthu wachete, woti mutha kulima naye mzere wonse osamva mawu ake. Atamuona mlendoyo, pakamwa panatseguka, maso anawala ngati mwana woona ndege. Anamugwira chanza ndi manja awiri osafuna kusiya.

Kenako Anastazia anatuluka m'nyumba, atanyamula beseni la madzi osamba m'manja, akumwetulira. Anagwada. Anakweza maso.

Madzi aja anabwerera nawo m'nyumba.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, salankhulana. Mawu onse amadzera mwa nkhoswe. Ndiye Anastazia anabwera n'kukhala pa mphasa chammbali, nkhope ataloza ku khola la mbuzi, n'kuyamba kundituma ine, ngakhale mlendoyo anali pafupi moti Anastazia akanatha kumva mimba ya mnyamatayo ikulira.

"Damiano, afunse alendo. Mkazi wawo amusiya ni ndani lelo?"

Ndinatembenuka. "Akuti mkazi wanu mwamusiya ni ndani."

Fabiano anagwada pa fumbi ndi suti yake ija, manja pamodzi. "Amalume, auzeni amama kuti ine nilibe mkazi. Uja muona pa tivi si mkazi wanga. Ni mzimayi wa bambo wina wake, asewenza ku njanji. Ali na ana awo."

Ndinatembenuka. Sindinafunike kubwereza.

"Damiano, afunse. Ndiye kuti Lachinayi lililonse alowa m'nyumba ya mkazi wa mwini, navula nsapato, dziko lonse lilikuona?"

"Amalume, si nyumba. Ni matabwa chabe openta. Zipupa zili zitatu, denga kulibe. Kumwamba kuli magetsi."

"Nanga mowa uja?"

"Ni tiyi wozizira."

"Mimba ija?"

"Ni pilo."

Ine ndinaganiza kuti tawoloka. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndinadziuza, ndipo ndinayamba kukonza kukhosi kuti nditseke nkhani ndi mawu anzeru.

"Damiano," anatero mlongo wanga, "auze kuti asankhe chimodzi. Ngati zija n'zoona, ni chidakwa chomenya mkazi. Ngati si zoona, ni munthu wonamiza dziko lonse, mpaka ine kutaya misozi yanga pa pilo. Mwana wanga nimupatse uti pa awiriwa?"

Owerenga anga, amene mwaphunzira kundiposa, funso limeneli mukanaliyankha bwanji? Ine ndinayang'ana malume wake wa mnyamatayo kuti andithandize. Mkuluyo anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake, n'kuchivalanso.

Velonika anathamangira kuseri kwa nkhokwe akulira. Apa m'pamene ndinaona kuti nkhaniyi si yoseketsa kwa aliyense. Mtsikanayo anali atamudziwa mnyamatayu kwa nthawi yaitali. Anali atauza kale anzake a ku ofesi. Ndipo amake akati ayi, ndi ayi. Ngakhale bambo mfumu amadziwa.

Chakudya chinabwera, chifukwa mlendo, ngakhale Dyeratu, sabwezedwa ndi njala. Mpunga, nkhuku, chibwabwa chotendera. Pa nthawiyi mpanda wonse unali ndi mitu. Anthu aja a pa njira sanabwerere. Ena anakwera pa chulu kuti aone bwino. Mnyamatayo anali atanyamuka m'mawa osalawa kanthu, koma anayang'ana mbale, anayang'ana mitu ija, n'kuzindikira kuti dera lonse labwera kudzaona mmene Dyeratu amadyera.

A Pio anamukankhira mbale. "Idyani, alendo."

Ndipo mnyamata wa ulemu, woleredwa bwino, anayankha zimene mlendo aliyense wamanyazi amayankha m'dziko muno:

"Zikomo atate, nadya kale."

Mpanda wonse, chulu chonse, ngakhale mayi wa nthochi uja amene sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji, anayankha ngati mpingo pa Misa:

"KOMA BWERETSA!"

A Pio, alamu anga achete aja, anagwa pa mpando. Anaseka mpaka kutsamwa, misozi mbwee, akumenya pansi ndi dzanja. Pa zaka zonse zimene ndawadziwa sindinaonepo mano awo a m'kati. Anastazia anawayang'ana kamodzi kokha, ndipo kuseka kuja kunazima ngati batire ya a Sakala.

Tsopano ndiloleni ndiime pang'ono, ndikambe nanu.

N'zosavuta kumuseka mlongo wanga. Inu a m'tauni, amene tivi ili pa balaza panu, mwina mukuti, "Anthu a ku Chongwe sadziwa kusiyanitsa sewero ndi moyo." Dikirani. Ine tivi yoyamba ndinaiona ndili mnyamata, pa windo la sitolo ina m'tauni, titangolandira ufulu. Tinaima gulu pa msewu, mphuno pa galasi, ndipo pakati pathu panali amuna a mataye. Munthu wa m'bokosimo atatiyang'ana n'kupereka moni, tonse tinayankha. Wa taye wina anavula chipewa.

Masiku amenewo m'bokosimo munkakhala azungu okhaokha. Ankathamangitsana pa mahatchi, ankaomberana mfuti, ankapsompsonana osachita manyazi. Palibe amene ankadandaula, chifukwa tinkati ndi khalidwe lakwawo. Wina akafa sabata ino n'kudzaonekanso wamoyo mu filimu ina, tinkati azungu ali ndi mankhwala. Kenako kunabwera ogwetsana aja, zimphona zovala kabudula wamkati, zoponyana pa zingwe. Mpaka lero mphunzitsi mnzanga, munthu wophunzitsa sayansi, salola kuti wina anene kuti amachita kupangana. Mukafuna kuthetsa naye chibale, yambitsani nkhani imeneyo.

Zinthu zinasintha pamene m'bokosi munalowa anthu athu. Oimba a magitala amene tinkangowamva pa wailesi tinawaona nkhope, ena tinakhumudwa nazo. Ovina a kwathu kum'mawa anaonekera, ndipo amayi anayamba kutsutsa kamangidwe ka chitenje. Mtsikana wowerenga nkhani anasanduka mpongozi wa dziko lonse: akasintha tsitsi, Lamlungu lotsatira theka la kwaya lasintha. Agogo ena kwa a Sakala amakoka chitenje kuphimba maondo bambo wowerenga nkhani akayang'ana kutsogolo. Mzungu wa pa hatchi anali nthano. Koma munthu wolankhula Chinyanja, wokhala pa mpando wonga wathu, wokangana za ndiwo, ameneyo ndi mnansi. Ndipo mnansi timamuweruza.

Koma chimene chimandidabwitsa ndi ichi. Bokosi lomwelo, madzulo omwewo, limayamba ndi nkhani. Timaona akuluakulu akutsika m'galimoto, akudula riboni, amayi akuvina. Timaona sitolo ya boma mashelefu atadzaza mafuta ophikira, sopo ndi shuga. Pa khonde la a Sakala pamakhala anthu amene m'mawa wa tsiku lomwelo anaima pa mzere kuchokera kum'bandakucha n'kubwerako ndi machesi. Kodi munamvapo wina akuponya patapata? Ayi. Timangoonera mwaulemu, ena amasenda mtedza, ena amapita kuseri kukataya madzi, kudikira kuti zoona ziyambe.

Zimene amati n'zoona, timazionera ngati sewero. Zimene amati ndi sewero, timalira nazo.

Sindinanene kanthu. A cheyamani a nthambi yathu ya chipani amawerenga tsamba lino, ndipo ndi munthu wabwino kwambiri. Ndikungoti mwina anthu a ku Chongwe amasiyanitsa bwino kuposa mmene mumaganizira. Mashelefu odzaza aja sanawaonepo ndi maso. Koma Dyeratu amamudziwa. Ena anakwatiwa naye. Ena amamuona pa galasi pometa ndevu.

Tibwerere pansi pa mtengo.

Anthu atatopa n'kuyamba kubalalika, ndinapita kukamupeza Anastazia kukhitchini. Ndinali nditakonza mfundo zanga zonse za uphunzitsi. Sanandipatse mpata.

"Damiano, iwe unali mwana. Ukumbuka mmene atate anali kubwerera kunyumba ku Chadiza, akagulitsa fodya?"

Ndinati ndikukumbuka pang'ono.

"Ine nikumbuka zonse. Ine ndiye ninali kukutengani kukabisala ku nkhokwe. Uja mnyamata akayenda pa tivi, phewa limodzi pansi, mwendo kukoka, ni atate enieni. Munthu sangadziwe kuyenda kuja ngati sanakhalemo. Ine Velonika sinimupereka ku zimene anaona amayi."

Mfundo zanga zonse zinathawa. Ine ndinkayesa kuti mlongo wanga wapusitsidwa ndi bokosi. Iye ankaopa chinthu chimene anachiona kale bokosi lisanabwere.

Anatuluka, ine pambuyo. Anapita molunjika pansi pa mtengo, n'kuima patsogolo pa mlendoyo. A Pio anadzidzimuka. Malume wa chipewa anayang'ana kumbali. Mwambo unagwa pansi ngati mbale yadothi, chifukwa Anastazia anamuyang'ana mnyamatayo m'maso n'kumulankhula yekha, osadzera mwa ine.

"Imwe. Kuyenda kuja munakuphunzira kuti?"

Fabiano anaweramitsa mutu. Atayankha, mawu ake anali aang'ono.

"Kwa atate anga, amama."

"Ali moyo?"

"Anamwalira nikali ku sukulu. Chiwindi. Ine ninali woyamba kubadwa. Ninali kuwamvera kutali akabwera, kuti nichotse ang'ono anga pa njira. Ndiye mapazi awo niwadziwa bwino. Pamene anatiitana kuti tiyese sewero, ena onse anali kuchita chidakwa choseketsa. Ine ninangoyenda monga atate. Ndiye ananitenga."

"Amayi anu aona zimene muchita?"

"Aonera kwa aneba. Poyamba analira, anati nawavula pa gulu. Manje Lachisanu lililonse aniuza pamene nalakwitsa. Akuti, atate ako sanali kugogoda, anali kukankha chitseko na phazi."

Anastazia anayang'ana ku khola la mbuzi. Patapita kanthawi anati, ngati akulankhula ndi mbuzizo:

"Atate athu anali kuyamba nyimbo ya ku tchalitchi akafika pa mtsinje. Ya Maria. Mawu abwino maningi. Tikaimva, tidziwa kuti lelo kulibe kugona."

"Ningaiikemo, amama?" anafunsa mnyamatayo, mwamantha.

"Ikanimo. Koma muimbe bwino. Anali na mawu."

Malume wa chipewa uja, amene kuyambira pa siteshoni sanatulutse liwu, anatsokomola n'kunena mawu ake oyamba ndi omaliza a tsikulo: "Mwana uyu, ngakhale vinyo wa pa ukwati amapatsa ine."

Musaganize kuti zinathera pomwepo ndi nthungululu. Mlongo wanga si wotero. Anangoti, "Namva," n'kubwerera kukhitchini. Anatuma Velonika kuti atenthetsenso nkhuku, n'kuikira alendo m'nyumba, chitseko chotseka, kuti munthu adye popanda dziko kumuwerengera. Koma yankho sanapereke. Alendo anakwera basi ya madzulo osadziwa ngati abwera kudzatenga mkazi kapena anangobwera kudzasangalatsa Chongwe. Velonika anandigwira dzanja pa siteshoni. "Amalume, mukambe nawo." Ndinalonjeza, ngakhale ndikudziwa kuti kukamba ndi Anastazia kuli ngati kukankha chulu.

Lamlungu ku Misa sananene kanthu. Lolemba ndinadutsa dala pakhomo pake, anandipatsa maungu, sananene kanthu. A Pio anandiperekeza mpaka pa msewu, anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza: "Alamu, ngati zakanika, mumuuze azibwera chabe kudzacheza."

Ndiye linafika Lachinayi, dzulo.

Khonde la a Sakala silinadzazepo chotero. Anthu anachokera mpaka ku Bundabunda, ena pa ngolo. Sanabwere kudzaona tivi. Anabwera kudzaona Anastazia akuona tivi. Iye anafika pa nthawi yake, anavula patapata pa sitepe monga mwa lamulo, n'kukhala pa mpando wake, korona m'manja, msana chilili.

Nkhani zinadutsa. Riboni inadulidwa. Kenako kanyimbo ka sewero kanayamba.

Ndipo abale anga, mwa masabata onse, sabata ino ndi imene Dyeratu anasankha kuba makina osokera a Amake Tisa. Makina amene mayiyo amasokera mayunifomu kuti ana adye. Anadikira kuti mkazi apite ku maliro, anawakulunga m'bulangete, n'kuwasenza pa mutu kupita nawo ku shabini, phewa limodzi pansi, mwendo akukoka. Ine ndinatseka maso. Ndinayamba kuganiza mmene ndikamuuzire Velonika.

Pa khonde panali phokoso ngati pa msika. Mayi wina wa kumbuyo, amene dzina lake ndilisunga chifukwa mwana wake ali m'kalasi mwanga, anaimirira n'kuloza tivi.

"Mfiti iwe! Galu wopanda manyazi! Amene anakubala anataya nthawi!"

Anastazia anatembenuka pang'onopang'ono. Khonde lonse linazizira. Ngakhale mpunga wa pa galasi unaoneka ngati waima.

"Amayi imwe," anatero, "samalani pakamwa. Amene anamubala ni mzimayi wolemekezeka, anavutika maningi. Ndipo uyo mukumutukwana ni mkamwini wanga."

Anatembenukiranso ku tivi. Dyeratu anali akuwerengera anzake mabotolo. Mlongo wanga anapukusa mutu, n'kunena mokweza, monyada ngati mayi wa mwana amene wapambana mayeso:

"Ni tiyi uja. Wozizira."

A Pio anaseka, ndipo ulendo uno palibe anawaletsa.

Pobwerera ndinayenda naye, mtima uli m'malo, ndikuwerengera kale za suti ya ukwati. Ndinati, "Ndiye nitumize mawu ku Lusaka kuti abwere tikambe za tsiku?"

"Tumiza," anatero. "Koma uwauze kuti ku tchalitchi sitilengeza mpaka makina aja abwerere kwa mwini wake."

"Alongo, si iye alemba sewero. Alemba ni munthu wina. Iye angopatsiwa mawu."

"Ndiye akambe naye uyo munthu. Mwamuna amene alephera kubweza makina a matabwa, azakwanitsa nyumba ya njerwa?"

Ndinayesa kufotokoza kuti masewerowa amajambulidwa pasadakhale, kuti akuluakulu a ku ofesi amayamba awaona asanatuluke, kuti mwina nkhani ya makina inathera pomwepo. Anandimvetsera mpaka pa mphambano, n'kunditsanzika bwinobwino, n'kukhota.

Choncho ndikulankhula ndi inu, bambo kapena mayi amene mumalemba Nyumba ya Dyeratu, kulikonse kumene mwakhala ndi taipi yanu ku Lusaka. Sindikukudziwani, ndipo ntchito yanu sindikuphunzitsani. Mumutembenuze mtima kapena ayi, zimenezo n'zanu. Ife tikudziwa kuti anthu otere satembenuka pa sabata imodzi. Koma kuno kuli mtsikana amene wasankha kale nsalu ya diresi, kuli mbuzi imene ikunenepa pachabe, ndipo kuli nkhoswe imene mvula ikagwa idzakhala ku munda.

Makina a Amake Tisa abwerera liti?